Uta wa ku Japan ndi Manja a Ana a pa Benga

Nkhani yokambidwa pamaso pa mafumu, makolo, aphunzitsi ndi achinyamata pa Benga, m'boma la Nkhotakota

Ndiyambe ndi kupereka ulemu kwa eni nthaka, agogo mafumu athu, magulupu ndi nyakwawa zonse za kuno kwa Mwadzama. Ulemu upitenso kwa ansembe, abusa ndi mashehe, kwa aphunzitsi, kwa amayi ndi abambo, ndi kwa inu anyamata ndi atsikana amene mwakhala pansi kutsogoloku. Ndikuonanso asodzi amene achezera panyanja ndi nyali zawo usiku wonse koma afika ndithu. Ndathokoza kuti mwasiya makasu, maukonde ndi malonda anu kudzamva mawu anga.

Ndabwera ndi nkhani ya uta. Ena mwafunsa kale mumtima kuti, "Uta masiku ano, pamene achinyamata ali pa foni? Ndiponso uta wake wa ku Japan, kutali kumene ambiri a ife sitidzapondako?" Funsolo n'labwino ndipo ndiliyankha. Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Tipita kudziwe la anzathu kukaona mmene iwo asungira luso la makolo awo, kenako tibwerera kudziwe lathu kudzafunsana za uta wa makolo athu.

Mawu amene ndikufuna mupite nawo kunyumba ndi awa: luso limakhala m'manja mwa munthu wamoyo, ndipo likapanda kulandiridwa ndi manja ena limalowa m'manda pamodzi ndi mwini wake. Ndiwabwereza kangapo, musatope nane.

Nkhani yanga ili ndi mitu isanu. Woyamba, uta umayambira kuthengo. Wachiwiri, uta sufuna phuma. Wachitatu, uta umaphunziridwa pambali pa mmisiri. Wachinayi, uta wa makolo athu unali nzeru zakuya. Wachisanu, chida chikatha ntchito yake yakale chimafuna ntchito yatsopano.

Mutu woyamba: uta umayambira kuthengo

Anzathu a ku Japan uta wawo amautcha yumi. Ndi wautali kuposa aliyense amene ali pano, pakuti wa muyezo wamba umafika masentimita 221, ndipo anthu amanja aatali amakoka wotalikirapo. Chachilendo china n'chakuti sagwira pakati. Mukaugawa patatu, dzanja limagwira pamene pathera gawo lam'munsi, mbali yaitali n'kutsalira kumwamba. Zolemba za ku China za zaka zoposa 1,700 zapitazo zimatchula kale kuti anthu a pazilumbazo anali ndi mauta aafupi kumunsi ndi aatali kumwamba. Ena amati anatero kuti azitha kuponya atagwada kapena ali pakavalo. Ena amati pamalo pamenepo uta sunjenjemera kwambiri m'dzanja muvi ukachoka.

Uta umenewu ndi wansungwi. Inde, nsungwi, mbale wake wa zomwe timalukira malichero. Mtundu wake amautcha madake. Koma mmisiri sangolowa m'nsungwi n'kudula yomwe yayandikira. Amafuna ya zaka ngati zitatu, yoti yakhwima koma sinakalambe. Amadula m'miyezi yozizira, pamene madzi ndi chakudya cha mmera zachepa m'thupi mwa nsungwi, kuti isadzafumbwe. Amayang'ananso mfundo zake. Kunja kwa uta kumayenera kukhala mfundo 7, mkati mfundo 6, ndipo iliyonse ili ndi malo ake. Motero munthu amatha kudutsa nsungwi zambirimbiri asanapeze imodzi yomukhutiritsa.

Akadula amang'amba n'kuyanika miyezi ingapo. Kenako amawamba pamakala mpaka nsungwi itatuluka thukuta lamafuta, n'kuipukuta. Zina amazifukiza ndi utsi kwa nthawi yaitali kuti zilimbe. Mtengo woika m'mbali mwa uta, wotchedwa haze, umauma zaka zingapo asanaukhudze ndi mpeni. Chaka chimatha, china n'kulowa, uta usanayambe n'komwe kuoneka ngati uta.

Abambo amene mumaluka madengu ndi malichero, ndi inu amene mumatchera mono ku Chia ndi ku Bua, kodi pamenepa ndanena chachilendo? Ayi. Inunso mumadziwa kuti nsungwi yanthete siikhalitsa, ndi kuti yodula m'dzinja imafumbwa msanga. Mumadziwa kusiyanitsa yolukira ndi yomangira nkhokwe. Nzeru ya mmisiri wa ku Japan ndi nzeru yanu n'zapachibale. Kusiyana kwake n'kwakuti iye amasamala munda wake wa nsungwi chaka ndi chaka, podziwa kuti tsiku limene nsungwi idzathe ndi tsiku lomwe ntchito yake idzathe.

Ife pamenepa tagona. Funsani osema mabwato. Adzakuuzani kuti mbawa ndi chonya zazikulu zimene agogo awo ankasema zinasowa pafupi, ndipo ambiri tsopano akugwetsa mitengo ya mango. Mtengo ukatha, chidziwitso cha mtengowo chimathanso, chifukwa mwana sangaphunzire kusankha chinthu chimene sanachionepo. Amene akufuna kuti ana ake adzakhale amisiri ayambe wabzala. Uta umayambira kuthengo.

Mutu wachiwiri: uta sufuna phuma

Tsopano ndikuuzeni mmene yumi amaupangira, ndipo achinyamata tcherani khutu, chifukwa muli sayansi m'menemu.

Munthu akakoka uta, mbali yoyang'ana kumene muvi ukupita imatamuka, pamene mbali yoyang'ana kwa iye imapanikizika. Uta umathyoka mbali imodzi mwa ziwirizi ikalephera. Nsungwi mphamvu zake zili kukhungu, kumene ulusi wake uli wothithikana. Ndiye amisiri anaganiza zoika chipepa chimodzi cha nsungwi kunja ndi china mkati, zonse khungu likuyang'ana panja. Pakati pa ziwirizi amandanda timizere ta nsungwi towamba pamoto, toimika cham'mbali, ndipo uku ndi uku amatsekera ndi mtengo uja wa haze. Chilichonse chimapalidwa mpaka chitagwirana ndi chinzake popanda mpata woti n'kulowa tsitsi.

Zonsezi amazimata ndi guluu. Wamakedzana, wotchedwa nibe, amaphikidwa kuchokera ku chikopa cha nyama yonga gwape, ngakhale masiku ano ambiri amagwiritsa ntchito guluu wa kufakitale. Akamata amakulunga ndi chingwe mopingasa kuyambira kumwamba mpaka kumunsi. Kenako amatenga tizikhomo ta nsungwi tambirimbiri, nthawi zina toposa 100, n'kumatikhomera kunsi kwa chingwecho, uku akupinda utawo ndi manja ndi mapazi. Tizikhomoto ndi timene timagwira kupindika kulikonse pamalo pake mpaka guluu ataumitsa. Palibe makina oyezera. Diso ndi dzanja ndizo muyezo, ndipo guluu sadikira munthu wokayikakayika. Apa ndi pamene mmisiri amafulumira, koma amatha kufulumira chifukwa anadekha zaka zambiri akuphunzira.

Akamasula chingwe, utawo umakhala wopindikira kumbuyo. Amauika pachipangizo chamatabwa n'kuupinda pang'onopang'ono kulowera mbali inayo mpaka nsinga italowa. Ambiri amathyokera pamenepa ngati panali cholakwika chobisika. Ukapulumuka, ntchito sinathe. Kwa miyezi mmisiri amauyang'ana, amaufunditsa pamoto, amauponda apa, amaupala apo, kufikira utazolowera maonekedwe ake. Mumzinda wa Miyakonojo, m'chigawo cha Miyazaki, kumene kumachokera pafupifupi mauta ansungwi 9 mwa 10 aliwonse a m'dzikolo, amawerenga kuti uta umodzi umadutsa magawo a ntchito oposa 200.

Musaganize kuti anayamba chonchi. Mauta awo oyambirira anali a mtengo umodzi, monga wathu. Zaka pafupifupi 1,000 zapitazo anayamba kumata nsungwi kunja kokha. Mibadwo ina inaonjezera mkati, ina m'mbali, mpaka anafika pa timizere ta pakati tija. Mbadwo uliwonse unalandira, n'kuonjezerapo pang'ono, n'kupereka. Mwambo wamoyo umakula chotero.

Uta wathu wa mtengo umodzi umafunanso mtima womwewo. Umasankha mtengo wowongoka, wopanda mfundo zambiri, wolimba koma wolola kupindika. Umauyanika pamthunzi, osati padzuwa, kuti usang'aluke. Umasema ndi kasemasema, pakati n'kusiya ponenepa, kunsonga n'kumachepetsa. Pambuyo pake umasiya kasemasema n'kutenga mpeni, chifukwa kuyambira apo umangopala. Umapala pang'ono, n'kupinda pabondo, n'kuyang'ana ngati mbali zonse zikugonja mofanana. Mbali youma khosi ndiyo umaipala, yofewa umaisiya. Chimene wapala sichibwereranso. Mnyamata amene akufuna uta wake lero lomwe amapita kunyumba ndi nkhuni. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Uta sufuna phuma.

Mutu wachitatu: uta umaphunziridwa pambali pa mmisiri

Mumzinda wa Kyoto muli banja la Shibata, limene lakhala likupanga mauta kuyambira m'zaka za m'ma 1500. Amene walowa m'malo mwa mkulu wa ntchitoyo amatenganso dzina lakuti Kanjuro, monga mmene ife timachitira polowa ufumu, ndipo dzinali lafika pa mbadwo wa 21. Taganizani, abale anga: mibadwo 21 popanda kuduka. Munali nkhondo m'zaka zimenezo, munali njala, maboma anasintha. Koma mbadwo uliwonse unapeza mwana woti akhale pansi pambali pa mkulu.

Wophunzira sayamba n'kupanga uta. Amayamba n'kusesa, kunyamula nsungwi, kusema tizikhomo tija, kusonkha moto. Ali pa ntchito zonyozekazo maso ake amakhala akuona ndipo makutu akumva. Amadziwa kulira kwa nsungwi youma bwino, fungo la nsungwi imene yatsala pang'ono kupserera, kulemera kwa chipepa chimene chapalidwa mokwanira. Zimatenga zaka, kawirikawiri amati khumi, kuti munthu aziimira payekha. Boma lawo linaona kuti zimenezi n'chuma. M'chaka cha 1974 linakhazikitsa lamulo lothandiza ntchito zamanja za makolo, ndipo mu 1994 uta wa ku Miyakonojo unalowa m'kaundula wa ntchito zotetezedwa ndi lamulolo. Ngakhale zili choncho, amisiri a uta kumeneko ndi owerengeka ndipo nawonso amada nkhawa za owalowa m'malo. Ngati dziko lolemera, lokhala ndi lamulo, likulimbana chonchi, nanga ife amene tangokhala chete?

Wina anena kuti, "Zonse zili pa intaneti, ndikaonera pa foni." Onerani ndithu, muphunzirapo kanthu. Koma foni singakugwireni dzanja n'kukuuzani kuti, "Leka, wafika." Siingamve kuti mtengo uli m'manja mwanuwo watsala pang'ono kulira.

Ife a kuno tikudziwa bwino chinangwa, chifukwa kondowole ndiye watilera. Chimanga mungasunge m'nkhokwe, mpunga mungasunge m'thumba, nyengo ikafika n'kubzala. Koma mbewu ya chinangwa ndi mitengo yake. Mukaidula n'kuiunjika nthawi yaitali osaibzala, imauma, ndipo palibe mvula imene ingaidzutse. Mbewu ya chinangwa imasungika poibzala basi, kuchoka m'munda uno kulowa m'munda uwo. Luso lili chimodzimodzi. Silisungika m'kabati. Mungapachike uta ku nyumba yosungira zakale ya ku Chichiri, anthu n'kumauona, koma chimene chapachikidwacho ndi mtengo ndi nsinga. Luso lenilenilo linatsala m'manja mwa amene anaupanga. Ndiponso mbewu ya chinangwa ikakutherani mumakapempha kwa mnansi. Nanga ikatha mudzi wonse, ndi midzi yoyandikana nayo, mudzakapempha kwa yani?

Kuti zimatheka kuno kwathu, umboni uli pamsewu womwewu wa M5. Mukapitirira Salima n'kufika ku Mua, mupeza malo a Kungoni, amene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Kumeneko osema anakhala pansi ndi achinyamata, ndipo lero zosema za ku Mua zili m'matchalitchi ndi m'nyumba za m'maiko ambiri. Chinsinsi chake n'chomwecho cha ku Kyoto: mkulu ndi mwana pamphasa imodzi, tsiku ndi tsiku. Luso limakhala m'manja mwa munthu wamoyo, ndipo likapanda kulandiridwa ndi manja ena limalowa m'manda pamodzi ndi mwini wake.

Mutu wachinayi: uta wa makolo athu unali nzeru zakuya

Ndatamanda anzathu mokwanira. Tsopano ndilankhule za ife, chifukwa pali matenda ena amene amatigwira, oona chilichonse cha makolo ngati umbuli.

Tengani muvi umodzi wa mlenje wakale muuyang'anitsitse. Thupi lake ndi bango, longa lomwe lili m'mphepete mwa nyanja yathuyi, losankhidwa lowongoka ndi kuwongoledwanso pamoto. Kumutu kuli chitsulo. Chitsulocho sichinagulidwe m'sitolo. Makolo athu ankakumba miyala, n'kuisungunula m'ng'anjo zadothi, osula n'kuchisula pachipala ndi mvukuto. Zotsalira za ng'anjo zimenezi zikuonekabe m'nkhalango ya Kasungu. Kumchira kuli nthenga zomangidwa mwaluso kuti muvi usayende mokhotakhota. Nsinga ya uta inali yopota kuchokera ku chikopa kapena mitsempha ya nyama. Phodo losungiramo mivi linalinso ndi msoki wake. Muvi umodzi unkasonkhanitsa wodziwa mitengo, wodziwa miyala, wodziwa moto ndi wodziwa nyama. Ndipo m'chilimwe, tchire likapsa, mudzi ukapita ku uzimba, panali malamulo a kaimidwe, a amene walasa poyamba, ndi a kagawidwe ka nyama. Mnyamata ankaphunzira kumeneko kumvera, kudikira ndi kusadya yekha.

Mverani nkhani iyi. Pa ulendo wa David Livingstone wa ku Zambezi ndi Shire, wa zaka za 1858 mpaka 1864, panali dokotala wodziwa zomera dzina lake John Kirk. Iye anaona alenje a kuchigwa cha Shire akupaka mivi yawo mankhwala ochokera ku njere za chomera choyanga chotchedwa kombe. Nyama ikalasidwa inkayenda pang'ono n'kugwa, alenje n'kudula pozungulira bala, yotsalayo n'kudya bwinobwino. Kirk anasunga kombe pang'ono m'thumba momwe munalinso mswachi wake. Tsiku lina potsuka mano anamva kuwawa m'kamwa, ndipo anazindikira kuti mtima wake wayamba kugunda pang'onopang'ono. Njerezo zinapita ku Edinburgh, kumene Thomas Fraser anazifufuza kwa zaka zambiri, ndipo mu 1885 anauza madokotala anzake kuti muli mankhwala a mtima. Mankhwalawo, otchedwa strophanthin, anathandiza odwala mtima ku Ulaya kwa zaka makumi angapo, ndipo njere za kombe zinkatumizidwa kunja kuchokera m'dziko muno.

Dziko limakumbukira Kirk ndi Fraser. Koma anayamba ndani kudziwa kuti mwa zomera zonse za m'tchire, ichi ndicho chimagwira mtima? Anayeza ndani mlingo wake? Anali alenje athu, anthu a uta. Sukulu yawo inali tchire, ndipo mayeso awo ankalembedwa ndi moyo. Ndichenjeze pomwepa kuti kombe amapha, ndipo sindikutuma mwana aliyense kukamufuna. Ndikungofuna muone kuti pamene ife tinkachita manyazi ndi zathu, ena anazitola n'kupanga nazo chuma. Uta wa makolo athu unali nzeru zakuya.

Mutu wachisanu: chida chikatha ntchito yake yakale chimafuna ntchito yatsopano

Chinagonjetsa uta kuno ndi ku Japan n'chimodzi: mfuti. Kumeneko inafika mu 1543 ndi Apwitikizi, pachilumba cha Tanegashima, ndipo pasanathe zaka zambiri nkhondo zinkaweruzidwa ndi mfuti. Kuno ku Nkhotakota mfuti zinachuluka m'nthawi ya Jumbe Salim bin Abdallah, amene anakhazikika m'zaka za m'ma 1840 n'kumatumiza minyanga ndi akapolo kutsidya la nyanja, pa njira ya ku Kilwa. Mudzi wa mauta sukanalimbana ndi gulu la mfuti. Pambuyo pake anabwera malamulo a atsamunda oletsa kusaka, ndipo uta unatsamira kukhoma mpaka chiswe chinaupeza.

Anzathu aja sanalole zimenezo. Uta utachoka kunkhondo anaupititsa ku mipikisano, ku miyambo ya chipembedzo ndi ku maphunziro. Pakachisi wa Sanjusangendo ku Kyoto pali khonde lotalika mamita pafupifupi 120, pamene akatswiri ankapikisana kuponya usana ndi usiku. Mu 1686 mnyamata wina, Wasa Daihachiro, anaponya mivi 13,053 m'maola 24, ndipo 8,133 inafika kumapeto kwa khondelo. Lero kuponya uta kumeneku amakutcha kyudo. Kuli ndi bungwe la dziko lonse lomwe linayamba mu 1949, ndipo m'masukulu ambiri a sekondale anyamata ndi atsikana amaphunzira. Amaima mamita 28 kuchokera pa chandamale chotambalala masentimita 36. Amaphunzitsidwa kaimidwe, kapumidwe, kupereka ulemu asanaponye ndi ataponya, ndi kusadzitama akalasa. Oyamba kumene amakoka mauta a kufakitale, koma akakhwima amalakalaka wansungwi. N'chifukwa chake mmisiri akadali ndi omugula.

Mundimve bwino, agogo mafumu. Sindikunena kuti tibwerere ku uzimba. Nkhalango yathu ya Nkhotakota, yokula masikweya kilomita 1,800, inatsala pang'ono kutha nyama. Kuyambira 2015 ikusamalidwa ndi African Parks mogwirizana ndi boma, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwira kuno kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Lamulo la nyama zakutchire, monga linakonzedwera mu 2017, limafika pa zaka 30 kundende pa milandu ikuluikulu. Ntchito yakale ya uta inatha, ndipo ithe ndithu. Ndikukamba za ntchito zitatu zatsopano.

Yoyamba ndi masewera. Kuponya mivi kuli pa mpikisano wa Olimpiki, ndipo Mmalawi wafikako kale. Areneo David, mnyamata wokulira kumudzi, wophunzitsidwa ndi mayi wa ku Korea, Park Young-sook, anaimira dziko lino ku Rio de Janeiro mu 2016, ndipo anakaponyanso ku Tokyo, likulu la Japan, pa masewera amene anachitika mu 2021. Mchenga tili nawo wambiri pano, malo oponyera sasowa. Mwana amene wayamba ndi uta wodzipangira yekha adzaumvetsa wa mpikisano kuposa amene wangoupatsidwa.

Yachiwiri ndi nyimbo. Amayi achikulire mukukumbukira mkangala, kauta ka bango kamene mtsikana ankagwiriza pakamwa n'kumakhwatcha nsinga yake madzulo ali yekha. Katswiri wathu Moya Aliya Malamusi wa ku Chileka anayenda m'midzi kujambula ndi kulemba za zoimbira zotere. Bango lilipo, atsikana alipo. Chikusowa ndi agogo oti awaonetse.

Yachitatu ndi malonda. Munthu amene wadziwa kusankha nsungwi, kuyanika, kuwamba, kupinda ndi kumata, sadzapanga uta wokha. Adzapanga mipando, mashelefu, mabedi ndi madengu olimba oti alendo odutsa pamsewu uno aimitse galimoto. Ndondomeko ija ya mudzi umodzi chinthu chimodzi, imene boma lathu linayamba mu 2003, inachokera ku Oita, chigawo cha Japan chodziwika ndi ntchito za nsungwi. Maganizo ake ndi akuti mudzi uyang'ane chimene uli nacho kale n'kuchikonza mpaka chifike pogulitsika kutali. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Chida chikatha ntchito yake yakale chimafuna ntchito yatsopano.

Zopempha zanga

Ndatchula mitu isanu: uta umayambira kuthengo, sufuna phuma, umaphunziridwa pambali pa mmisiri, wa makolo athu unali nzeru zakuya, ndipo ukufuna ntchito yatsopano. Mutu umodzi susenza denga, choncho ndigawe katunduyu.

Agogo mafumu, inu mumadziwa khomo lililonse. Mwezi uno usanathe, nyakwawa iliyonse itchule akuluakulu a m'mudzi mwake amene anapangapo uta, muvi, mkangala, mono kapena bwato, ndipo maina awo alembedwe. Mutipatsenso malo m'mphepete mwa mitsinje oti tibzale nsungwi mvula yoyamba ikagwa. Zidzagwira nthaka kuti isakokoloke, ndipo zikadzakhwima tizidzadula nthawi ya mwera, m'miyezi ya June ndi July, pamene sizifumbwa msanga.

Inu akuluakulu amene muli ndi lusoli, musalibise, ndipo musadziderere kuti simunapite kusukulu. Pa nkhani iyi aphunzitsi ndinu. Mwana akabwera musamubweze chifukwa wagwira mpeni molakwika. Inunso munayamba choncho.

Aphunzitsi, patulani masana amodzi pa sabata, muitane agogowa pabwalo la sukulu. Iwo aonetse kapalidwe, inu mufotokoze za kutamuka ndi kupanikizika, ana aone kuti sayansi ya m'buku ndi ya pansi pa mtengo wa mango ndi imodzi. Muike malamulo okhwima: mivi ikhale yobuntha, poponya pakhale wamkulu, kuseri kwa chandamale kusakhale munthu kapena chiweto, uta usalozedwe kwa munthu ngakhale mocheza, ndipo usakokedwe n'kutayidwa wopanda muvi, chifukwa umathyoka. Atsikana alandire mpata wofanana ndi anyamata.

Makolo, mmisiri amadya. Mwana wanu akamaphunzira kwa agogo, musawatumizire mwanayo chimanjamanja. Kambale ka usipa, kathumba ka mpunga, kapena kuwalimira mizere ingapo, zimenezo ndizo fizi yake.

Ndipo inu achinyamata, pitani nokha, musadikire kuitanidwa. Mukafika gwadani, perekani moni, nenani chimene mwadzera. Akakutumani kukatola nkhuni zowambira nsungwi, pitani mokondwa, pakuti phunziro layamba kale. Safunsa anadya phula. Uta wanu woyamba ukathyoka, utengeni mupite nawo kwa agogo akuuzeni chimene chinalakwika, n'kuyambanso wina.

Chomaliza, tisazengereze. Anthu amene anaona uzimba ndi maso awo atsala ochepa, ndipo chaka chilichonse timaperekeza ena kumanda. Muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso. Tikati tidikire bungwe libwere ndi ndalama, tidzapeza ndalamazo zafika koma wotiphunzitsa palibe. Mpeni tili nawo, bango lili kunyanja, agogo akadali moyo. Ndikupempha a wapampando kuti tisanabalalike lero tisankhe anthu oyendetsa ntchitoyi, amayi ndi abambo, ndipo tigwirizane tsiku limene ana adzakhale pansi koyamba ndi akuluakulu awo.

Mulungu adalitse mafumu athu, adalitse Benga, adalitsenso manja a ana athu.